A Kamtedza ndi makina awo ochotsera zaka

Tinawaika m'manda a Kamtedza masiku apitawa. Pamaliro abusa anati tataya munthu wofatsa, wokonda anzake, ndipo ine ndinatsokomola mpaka amayi ena anandithamangira ndi madzi. Ndikudziwa kuti wakufa sanenedwa zoipa. Koma malemuwa ankadana ndi bodza kuposa mmene ine ndimadanirana ndi njoka, ndiye ndikawanamizira kufatsa ndiye kuti ndawalakwira kawiri. Ndilekeni ndinene zimene ndinaona, ine amene ndinakangana nawo kuyambira tili ndi mano onse mpaka tatsala ndi nkhama.

Anali munthu wamtali, wowonda ngati nsungwi, wa tayi pakhosi ngakhale mwezi wa Okutobala pamene mchenga wa ku Senga Bay umaotcha mapazi. Pa unyamata wawo anali kalaliki wa pa siteshoni ya sitima ku Chipoka, wogulitsa matikiti, ndipo ntchitoyo inatha koma ukalaliki sunawachoke. Ukanena kuti mvula inagwa Lachiwiri, iwo ankati Lachitatu. Ukanena kuti uje anamwalira chaka cha dzombe, iwo ankatchula chaka chenicheni ndi mwezi womwe, kenako n'kukuyang'ana ngati waba nkhuku. Tsiku lina ndinawapatsa moni bwinobwino, ndati mwadzuka bwanji achimwene, iwo akuti, "Poyerekeza ndi liti?" Akazi awo anatsogola kalekale. Achipatala anati ndi mtima, ine ndimati ndi kukonzedwa tsiku ndi tsiku.

Ine sankanditchula dzina. Ankati "a Folo", poti sukulu ndinalekera Sitandade Folo. Ndimakonza njinga za anyamata a kabaza pansi pa mtengo wa pamsika, ndipo iwo ankabweretsa njinga yawo, n'kuima kumbuyo kwanga kundiuza mmene sipanala imagwiridwira. Kamodzi ndinawapatsa sipanalayo kuti amange okha. Anaiyang'ana, nati ntchito yawo ndi kudziwa, yanga ndi kugwira.

Tsoka linabwera ndi mwana wawo wamkazi wa ku Lilongwe. Iye, pofuna kutipulumutsa ife, anawagulira laputopu kuti azikangana nayo m'malo mwa anthu. Apo a Kamtedza anapeza mbale wawo weniweni. Chinthu chimenecho n'chouma mutu ngati iwo: ukaiwala kadontho kamodzi chimakana ntchito yonse, ndipo sichimva kupepesa. Anadziphunzitsa okha kuchilamula, akutsatira buku lalikulu ngati Baibulo la paguwa. Ndiye bungwe lina litaika makompyuta anayi ndi sola m'sitolo yakale ya pafupi ndi msika, kuti achinyamata aziphunzira m'mawa, iwo anakavuta mpaka anapatsidwa makiyi a masana. Anati aphunzitsa nkhalamba, chifukwa achinyamata amangofuna mpira ndi zithunzi za atsikana.

Musaganize kuti tinapitako ndi ludzu la nzeru. Kunali tiyi wa shuga ndi mandasi. Tinalipo asodzi opuma, amayi ogulitsa usipa, akumpingo ndi akumzikiti omwe, aliyense ndi mpando wake wochokera kwawo. Koma ndivomere, patapita masabata angapo ena a ife tinayamba kufika tiyi asanaikidwe pamoto.

Phunziro loyamba linali kulamula makina kuti akupatse moni. Umalemba dzina lako pakati pa timakutu tiwiri, kuno ndi uko, ndipo makinawo amayankha kuti moni wakutiwakuti. Gogo wina wa zaka zambiri anayankha mokweza kuti zikomo, kaya inu. Kenako tinaphunzira kuwerengetsa zilembo za dzina, kulikulitsa zilembo, kulitembenuza kuyambira kumchira, kufunsa makina ngati namba ikugawika pawiri popanda chotsala. A Kamtedza ankati padziko pali mitundu iwiri ya zinthu basi, mawu ndi manamba. Mawu ali ngati mikanda, ukaphatikiza amangotsatana pachingwe. Manamba ali ngati madzi, ukathira awiri m'chidebe amasanduka amodzi. Ankatinso namba ilibe mlamu, siyang'ana nkhope ya munthu. Mawu amenewa ankawakonda moti ankawanena maso atatsinzina.

Tsiku lophunzira kubwereza mawu kambirimbiri, ine ndinalemba kuti a Kamtedza ndi nyani, n'kulamula makina abwereze maulendo handiredi. Galasi lonse linadzaza anyani. Anzanga anabisa nkhope m'manja. Iwo anabwera, nawerama, nawerenga mwachifatse.

"A Folo, mwaiwala kusiya mpata kumapeto. Taonani, nyani wagundana ndi dzina langa la mzere wotsatira. Konzani."

Ndinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira, ndikukonza chipongwe changa chomwe kuti chikhale cholondola. Munthu wotero mungamutani? Kumutukwana kunali ngati kuponya mwala m'matope.

Zonsezo ndikanawakhululukira. Chimene sindinawakhululukire ndi cha Abiti Juma.

Abiti Juma ndi mayi wachikulire wa kumzikiti, wogulitsa usipa wouma, mkazi wa malemu Che Saidi. M'kalasimo ndiye anali wakuthwa kutiposa tonse, zala zake zinkayenda pamabatani ngati akutola nsomba pathandala. Mwana wake woyamba ndi Yusufu, bambo wa imvi kale, amene anatsala ndi boti la injini ndi ukonde wa chilimira wa Che Saidi. Pamwambo wathu wakale chuma chotere chimapita kwa mwana wa mlongo wa malemu, ndipo mwana wa mlongoyo alipo, dzina lake Idi. Koma Che Saidi ananeneratu akali moyo kuti boti ndi la mwana wake, ashehe nawo anati chipembedzo chimatero, ndiye Idi anameza malovu n'kukhala chete. Mkazi wa Idi nayenso ankabwera ku kalasi, makamaka chifukwa cha mandasi.

Tsopano pali chinthu chimene achinyamata sachidziwa. Masiku amenewo amuna ankakwera sitima kupita ku Joni, n'kukhala zaka osabwera. Ena pobwera ankapeza pakhomo pali kamwana koyenda kale. Mwamuna wanzeru ankakanyamula, n'kukaveka chipewa chimene wabwera nacho, nkhani n'kuthera pomwepo. Mudzi wonse unkadziwa kuchotsera, koma samu imeneyo sinkawerengedwa mokweza. Mwana wobadwa bambo ali kumigodi sawerengeredwa zaka. Palibe analemba lamulo limeneli, koma aliyense wa msinkhu wathu analiyamwa.

Aliyense kupatula kalaliki wa ku Chipoka.

Masana amenewo phunziro linali kuchotsera. Makina amakufunsa chaka chimene chinthu china chinachitika, kenako chaka chimene mwana wako woyamba anabadwa, n'kukuuza kuti mwanayo anali ndi zaka zingati pa nthawiyo. A Kamtedza ankayenda kumbuyo kwathu, akusankhira aliyense chochitika. Kwa ine anati chaka chimene nyanja inasefukira n'kulowa m'misika. Atafika pa Abiti Juma anati, "Inu lembani chaka chimene Che Saidi anakwera sitima ya ku Joni."

Mayiyo sanachedwe. Analemba chaka chobadwa Yusufu malo onse awiri, monga ankanenera moyo wake wonse, kuti bambo ake anamusiya ali m'mimba. Makina anati ziro.

"Ayi, mwalakwitsa," anatero a Kamtedza. "Si chaka chimenecho."

"Ndi chomwecho, aphunzitsi."

"Amayi, tikiti ndinamugulitsa ndine. Ndikukumbuka ndi sutikesi yake yomwe, ya malata. Ndipo anakhalako zaka zinayi osaponda kuno."

Ine ndinagwetsa kapu dala. Ndinatsokomola. Ndinati aphunzitsi bwerani kuno makina anga akutuluka utsi. Sanatembenuke n'komwe. Anasuntha dzanja la mayiyo, nafafaniza, nalemba chaka chawo, nadina batani. Pagalasi panatuluka thuu, ali ndi kamzere kutsogolo.

Mukanaona nkhope ya a Kamtedza! Inawala ngati ya mwana amene wagwira chambo choyamba. Anaomba m'manja kuti tonse tibwere.

"Bwerani muone, mwayi wake ndi uno! Iyi ndi namba ya pansi pa ziro. Ndakhala ndikufuna chitsanzo chabwino. Kamzereka kakutanthauza kuti pamene bamboyo ankakwera sitima, kunali kutatsala zaka ziwiri kuti mwanayu abadwe. Mwaona kukongola kwake? Makina sananame, angoti mwanayu kunalibe."

Abiti Juma anakoka mpango wake kuphimba kumaso. Mkazi wa Idi ananyamuka, namanga chitenje, natuluka. Chiyambire kalasiyo, aka kanali koyamba munthu kuchoka mandasi asanagawidwe.

A Kamtedza anayang'ana uku ndi uku. "Kodi pali amene sanamvetse? Ndibwereze?"

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pamathandala onse oyanikira nsomba. Anthu amene anaidziwa kwa zaka makumi asanu anayamba kuinena ngati yatsopano, poti tsopano yanenedwa ndi kompyuta. Idi anapita kwa ashehe kukadandaula kuti boti la amalume ake lili m'manja mwa mlendo, ndipo mboni zake ndi ziwiri, makina ndi kalaliki. Yusufu anasiya kudya kwa mayi ake. Mlandu anauika Lachisanu, anthu akatuluka ku swala kumzikiti.

Ine ndinapita kwa a Kamtedza. Ndinawapeza pakhonde akupukuta mabatani a laputopu ndi kansalu.

"Achimwene, mukanene kuti makina analakwitsa."

"Makina sanalakwitse."

"Ndiye mukanene kuti munasokoneza chaka."

"Ine sindisokoneza chaka, a Folo. Tikitiyo ndinaidinda ndi dzanja ili."

"Dzanja limenelo bwenzi sitima italiponda! Mukuganiza kuti kuchotsera munayambitsa ndinu? Ine wa Sitandade Folo samu imeneyo ndinaidziwa Yusufu akuyamwa. Che Saidi ankaidziwa kuposa tonsefe. Anatsika sitima, napeza mwana, namunyamula. Anamupititsa yekha kuchinamwali cha jando, namuphunzitsa nyanja yekha. Mwini mkazi anatseka pakamwa mpaka kumanda, ndiye inu ndinu ndani?"

"Ine ndimaphunzitsa manamba a pansi pa ziro. Za m'nyumba za anthu sizindikhudza."

"Zakukhudzani kale. Munthu alandidwa boti, mayi wakalamba ndi ulemu wake mwamuvula pamsika."

Anapinda kansalu kaja kanayi, nakaika m'thumba.

"Namba ilibe mlamu," anatero.

Ndinawauza mawu ena amene sindingalembe pano, poti adzukulu anga amawerenga. Ndinachoka ndikulumbira kuti njinga yawo ikadzathyoka adzainyamula pamutu mpaka ku Salima.

Lachisanu tinasonkhana pansi pa mango kwa ashehe, Akhristu ndi Asilamu, ena kudzamva chilungamo, ambiri kudzaonera. Abiti Juma anakhala pamphasa pakati pa amayi, mutu uli pansi. Yusufu anakhala chofulatira mayi ake. Idi analankhula nthawi yaitali, akuti iye alibe chidani ndi munthu, koma magazi ndi magazi, ndipo zimene zanenedwa sananene ndi iye, anena ndi makina a azungu amene sadya za munthu.

A Kamtedza anafika ndi tayi yofiira, laputopu kukhwapa. Ashehe atawapatsa mpata, anaika makinawo pampando.

"Mboni isanalankhule, imayesedwa kaye," anatero. "Che Idi, bwerani. Akufunsani namba. Dinani thuu."

Idi anadina ndi chala chimodzi ngati akugwira nkhanu.

"Akufunsaninso ina. Dinaninso thuu. Tsopano aphatikize. Werengani mokweza."

Idi anasuzumira. Anapukuta m'maso. "Akuti twente-thuu."

Kumbuyo wina anaphulika kuseka.

"Yesaninso. Faifi ndi faifi."

"Fifite-faifi."

Apo ndiye bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Msodzi wina anakuwa kuti makina amenewo amubwereke akamagulitsa usipa, ndowa ziwiri ndi ziwiri zikhale twente-thuu. Ashehe omwe anabisa pakamwa ndi ndevu. Idi anatutumuka.

"Mwawachita chiyani makinawa, madala?"

"Mwadina nokha. Ayankha okha."

Ine ndekha pagululo ndinadziwa chimene chinachitika. Chilichonse chimene munthu wadina, makina amachitenga ngati mawu, ngakhale chikhale thuu. Kuti achione ngati namba, pali kamawu kachingerezi ka zilembo zitatu kamene umayenera kuika patsogolo. Ukakaiwala, amangotunga mikanda pachingwe, thuu pambali pa thuu. Cholakwa chimenechi ndi chimene a Kamtedza ankandigogoda nacho bolopeni pamutu sabata iliyonse. Iwo sakanakaiwala ngakhale ali ndi malungo. Anakachotsa dala.

Koma Idi si chitsiru. "Chabwino, makina asiyeni. Inu nomwe munati tikiti munagulitsa ndinu. Tchulani chaka pamaso pa anthu."

Tonse tinatembenukira kwa a Kamtedza. Munthu amene ankakonza abusa pa guwa akaphonya vesi, amene ankakumbukira nambala ya sitima iliyonse imene inadutsa pa Chipoka, anayang'ana nsapato zake.

"Ndakalamba," anatero. "Masitima anali ambiri. A Saidi analinso ambiri. Mwina anali wina."

Ashehe sanataye nthawi. Anati mboni imodzi siidziwa thuu ndi thuu, inayo yaiwala. Anati malemu Che Saidi ananena ndi pakamwa pawo kuti uyu ndi mwana wanga, ndipo Allah ndiye adziwa zobisika, ife sitifukula zimene mwini wake anakwirira. Boti likhale pomwe lili.

Pobwerera tinayenda njira imodzi, ine ndikukankha njinga. Ndinkafunafuna mawu abwino oti ndiwauze, koma poti sindinawauzepo mawu abwino chibadwire, sanabwere msanga. Anayamba ndi iwo, osandiyang'ana.

"A Folo, panasowa chiyani pamenepaja?"

Ndinatchula kamawu kaja.

"Mwakhoza," anatero. "Koyamba." Kenako anati tcheni cha njinga yanga chikulira, ndi zamanyazi kwa munthu wokonza njinga.

Tsopano ena mukuti, si uyo, anali munthu wabwino. Dikirani. Wozimitsa moto nyumba itapsa kale sitimuvinira, makamaka ngati anayatsa ndi iye. Boti linatsala kwa Yusufu, inde. Koma zimene makutu amva sizibwezedwa m'kamwa. Mwezi usanathe Yusufu analitenga botilo kupita nalo ku Chipoka, ndipo mpaka lero amakocheza kumeneko. Nsomba amawatumizira mayi ake pa minibasi, kondakitala ndiye amapereka. Mwini wake sabwera, ngakhale pa Idi yeniyeni ya chikondwerero. Abiti Juma anachoka pamalo ake a pamsika, amagulitsira pakhomo, ndipo zala zija sizinakhudzenso batani.

Ndinawafunsa a Kamtedza kangapo kuti bwanji osapita kukagwada pakhomo pa mayiyo. Ankati akapepese chiyani, poti yankho linali lolondola. Ankati chimene analakwitsa ndi kusankha chitsanzo, ndipo chitsanzo sichipepesedwa. Mwamva? Anali wokonzeka kudzisandutsa chitsiru pamaso pa mudzi wonse, koma liwu limodzi loti pepani linawakanika mpaka m'bokosi. Akakumana panjira, Abiti Juma ankawolokera tsidya lina la msewu, iwo n'kuvula chipewa kulonjera fumbi.

Kalasi inafa yokha. Ndani akaphunzire samu kwa makina osadziwa thuu ndi thuu? Ana ankawathamangira kumbuyo akukuwa kuti a Twente-thuu, ndipo iwo sanawakonze ngakhale kamodzi, chinthu chimene chinandiopsa kuposa matenda amene anadzawatenga. Bungwe lija linamva kuti nkhalamba zasiya kubwera, linatenga makompyuta kupita nawo kusukulu ina cha ku Chitala. Koma a Kamtedza makiyi sanabweze. Masana alionse ankatsegula chitseko, n'kukhala kutsogolo ndi laputopu yawo, tayi ili pakhosi. Ine ndinkalowako nthawi zina, osati chifukwa cha chisoni, koma poti munthu ukazolowera kukangana naye, tsiku lopanda mkangano msana umawawa. Ankandipatsa ntchito yotembenuza dzina langa, n'kundipezabe cholakwa.

Dzulo ndinadutsa kusitolo kuja. Chitseko n'chosakhoma, makiyi anapita nawo kaya kuti. Pakhoma patsala mawaya a sola akulendewera ngati mizu ya kachere, ndipo pansi pali zipsera zinayi pamene panali miyendo ya matebulo. Mbuzi zayamba kale kugonamo. Mipando yathu aliyense anatenga wake kalekale, kupatula umodzi, kampando kachabe ka mlaza kamene kanakhala pakona chichokereni mwini wake masana a phunziro lochotsera. A Kamtedza ankakapukuta fumbi, koma sanakatumize, ndipo mwini wake sanakaitanitse.

Kumaliro Abiti Juma sanabwere. Koma ife tikuchokera kumanda, ndinamuona akutuluka m'sitolomo, kampando kake kali pamutu, akuyenda pakati penipeni pa msewu. Pakona paja patsala malo oyera, ozungulira ngati mbale, pamene fumbi silinafike.